Tsiku Lopanda Mzere la Toos Smulders

Toos Smulders anaima pa mzere wa Namondwe zaka makumi anayi, koma sanakwereko ngakhale kamodzi. Namondwe ndi sitima ija ya ku paki ya zisangalalo ya Vossenven, ya tingolo topanda denga, imene imakwawa pa njanji ya matabwa mpaka kupitirira nsonga za mitengo, kenako n'kudziponya pansi anthu akukuwa ngati akuphedwa. M'mudzi mwathu ngakhale wansembe anakwerako. Koma Toos, amene ankadziwa chitsulo chilichonse cha mpanda wa pamzerepo, ankangofika pa kachitseko komaliza n'kutembenuka.

Gwero la zonsezi linali mwamuna wake, Sjef. Sjef anakalambira ku kampani ya mabasi, kumene ankakonza nthawi zonyamukira ndi zofikira, ndipo matenda a ntchitoyo ankabwera nawo kunyumba. Kwa iye kudikira kunali tchimo, ndipo munthu wopita ku paki tsiku lodzaza anali chitsiru chofunika kuchimvera chisoni. Ankadziwa tsiku limene sukulu za ku Belgium zimatsekera. Ankadziwa masiku a tchuthi cha Ajeremani, amene ankawatukwana chaka ndi chaka chifukwa chosefukira kuno ndi magalimoto awo. Loweruka ndi Lamulungu sankazitchula n'komwe. Tsiku labwino, malinga ndi Sjef, linali la pakati pa sabata, ana ali m'kalasi, wailesi italosera mvula. Anzake akamapempherera dzuwa, iye ankapempherera mitambo. Aneba ankabwera kwa iye ngati kokaombeza. "Sjef, Lachinayi likudzali lili bwanji?" Iye n'kutsinzina, n'kupukusa mutu. "Usayerekeze. Aphunzitsi a mumzinda wa Tilburg ali ndi msonkhano, ana onse akakhala ku paki."

Vuto linali lakuti ana ake omwe analinso a sukulu, choncho banja lake linkakakamizika kupita masiku odzaza omwewo. Ndiye Sjef anapeka njira. Iye ndi ana akamakwera chozungulira ichi, Toos azikaima pa mzere wa chinacho, makamaka wa Namondwe umene unali wautali kuposa yonse. Akatsika ankathamanga, kuwerama pansi pa zitsulo, kupanikiza anthu, mpaka kumupeza Toos ali pafupi ndi khomo. Iwo ankalowa, iye n'kutuluka kukayamba mzere wina, atasenza zikwama, majasi, fulasiki ya khofi ndi mabanzi a soseji. Anthu a m'mbuyo ankang'ung'udza, ena kutukwana kumene, ndipo wolandira matukwanawo anali Toos, chifukwa Sjef amakhala atalowa kale.

Sizinayambe ndi nkhanza ayi. Chaka choyamba Toos anali woyembekezera, ndiye anangosungira malo Sjef ndi ang'ono ake. Chaka china anali ndi khanda m'manja, kenako lina. Pamene mwana wachitatu ankayenda yekha, nkhani inali itamveka kale kuti Toos amaopa. Amene anayamba kunena sakudziwika, koma Sjef anaikonda nkhaniyo. Pa maphwando ankaitulutsa ngati mphatso: "Wangayu ngakhale pa makwerero a m'khitchini amatsinzina!" Anthu n'kuseka, Toos nayenso n'kuseka uku akudula keke. Aliyense anali ataiwala kuti ali mtsikana, asanakwatiwe, ndiye ankaba njinga yamoto ya mchimwene wake n'kukaithamangitsa m'mphepete mwa ngalande mpaka apolisi kumubweza kunyumba. Apa ndi pamene pamandikwiyitsa ine, chifukwa mawu amodzi a Toos akanakwana. Koma akazi a msinkhu wake analeredwa kuti akalowa m'nyumba ya anthu aziyamba kuyang'ana ngati pali kapu yofunika kutsuka. Ana atakula kunabwera zidzukulu, ntchito ija n'kuyambiranso.

Pamzere sankanyong'onyeka. Ankacheza ndi aliyense, kugawira ana a eni maswiti, kusungira anthu malo akapita kuchimbudzi. Koma chimene ankakonda kwambiri chinali kuyang'ana nkhope za anthu otsika. Ankatsika tsitsi lili nyankhalala, maso akuwala ngati a munthu amene wangouzidwa nkhani yabwino. Akafunsa ana ake kuti kumwambako kumakhala bwanji, ankangoti, "Kumakoma, amayi!" n'kuthamangira kwina. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Toos anatsala ndi funso lake.

Chaka chathachi fupa la m'chiuno linamukanika. Iye amati linathera pamzere, ndipo ine sindingamutsutse. Dokotala ananena kuti mu Novembala amuchita opaleshoni, amuika lachitsulo. Toos anamvetsera zonse, anavala jasi, ndipo atafika pakhomo anatembenuka.

"Adokotala, munthu wa fupa lachitsulo angakwere Namondwe?"

Dokotala anaseka, koma ataona kuti mayiyo sakuseka anasiya. "Tikakuikani latsopanolo zimenezo muiwale, mayi, moyo wanu wonse. Lomwe muli naloli latha kale, simungaliwonongenso kuposa pamenepa. Koma simunamve kwa ine."

Anasunga mawuwo mpaka tsiku lokumbukira kubadwa kwake, mu Seputembala. Mipando inali itazungulira pabalaza monga mwa nthawi zonse, aliyense ali ndi kapu ya khofi ndi chidutswa cha keke pabondo. Toos anaika mpeni pa mbale n'kunena modekha, ngati akunena za mtengo wa mazira:

"Ndisanapite kuchipatala ndikufuna ndikakwere Namondwe."

Mng'ono wake wa Sjef anatsamwa ndi keke. Marleen, mwana wawo woyamba, anagwira pachifuwa.

"Amayi, mwamwa mapiritsi angati lero?"

Sjef anaseka yekha. "Iwe? Namondwe? Iwe umaopa, Toos."

"Anakuuza ndani?"

"Aliyense akudziwa."

"Ndafunsa kuti anakuuza ndani. Unandifunsapo iwe?"

Sjef anayang'ana Marleen, anayang'ana mng'ono wake, kufuna womuthandiza, koma onse anali atazyolika.

"Nanga... nanga bwanji sunkakwera zaka zonsezi?"

"Pamzere akanaima ndani? Amayi ako?"

Palibe amene anapemphanso keke tsiku limenelo. Marleen anakalira kukhitchini, akuti anakumbukira mmene ankawaponyera amayi ake jasi osawayang'ana n'komwe. Sjef anakhala khuma pampando mpaka alendo onse atapita. Zinamupweteka, ndipo anafuna kukonza, koma munthu amakonza ndi chida chimene ali nacho.

"Toos," anatero uku akumuthandiza kuchotsa makapu, chinthu chimene sankachita, "ndikupezera tsiku loti sudzadikira ngakhale mphindi imodzi. Udzangolowa ngati mfumukazi."

"Tingopita mawa."

"Mawa ndi Loweruka!" anakuwa Sjef, ngati mkazi wake watukwana m'tchalitchi.

Ndiye masabata anayamba kudutsa. Sabata yoyamba kunali dzuwa, ndipo dzuwa limatulutsa okalamba onse m'nyumba. Sabata ina kunali Ajeremani. Kenako sukulu za kuno zinatsekera, zitatsegulira n'kutsekera za ku Belgium. Marleen anadzipereka kuti awatenge amayi ake Lamulungu lina, adikire ndi anthu ena onse monga amachitira anthu abwinobwino, koma Sjef anakwiya ngati amulanda mkazi. Toos sanalimbane naye. Kudikira inali ntchito imene ankaidziwa. Komabe usana uliwonse ankayang'ana masamba akuthothoka m'mitengo ya kuseri kwa nyumba, mtima uli m'mwamba, chifukwa tsiku la chipatala silinkasuntha. Pomaliza Sjef anamenya tebulo n'kulengeza kuti walipeza: Lachiwiri la mu Novembala, kozizira, kwamvula, kopanda tchuthi kulikonse mu Ulaya yense. Lachitatu lake Toos ankayenera kukagonekedwa.

M'mawa wa Lachiwirilo mvula inkagwa chopendekeka, mphepo ikugwedeza galimoto pamsewu. Sjef ankaimba mluzu. Atafika pa malo oimika magalimoto anapeza kuli pululu, ndipo anatsala pang'ono kugwetsa misozi.

"Taona, Toos! Taona! Ndinati chiyani ine?"

M'pakimo munalibe phokoso lina kupatula nyimbo za m'zimkuzamawu, zikuimbira mabenchi onyowa. Akavalo a matabwa ankazungulira okha opanda wowakwera. Pa khomo la Namondwe, chikwangwani chosonyeza nthawi yodikira chinkaonetsa ziro, ndipo Sjef anaima patsogolo pake chipewa chili m'manja. Anayenda m'tinjira tokhotakhota ta mzere wopanda munthu, Toos akutsimphina ndi ndodo yake. Atafika pa kachitseko komaliza phazi lake linakhotera lokha kotulukira. Sjef anachita kumugwira mkono n'kumulowetsa.

Woyendetsa sitimayo anali Wilma, mayi wachikulire ndithu, atadzikulunga m'chijasi m'kanyumba kake ka magalasi. Anatulukamo kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mwadzuka bwanji, mayi," anatero Sjef monyadira. "Awiri, mpando wakutsogolo."

"Tadzuka bwino, bambo. Muli awiri basi?"

"Awiri basi! Paki yonse ndi yathu lero."

"Ndiye simunyamuka."

Sjef anamwetulira, kudikira kuti nthabwalayo ithe. Koma Wilma anangopsontha tiyi wake.

"Kukazizira chonchi mafuta a m'mawilo amalimba, ndiye mphepo ikuwomba kumaso. Sitima ikapepuka siimaliza chitunda chachiwiri, imabwerera n'kuima pakati, tikakutsitseni ndi makwerero. Lamulo ndi loti pasachepere anthu khumi ndi awiri. Chitsegulireni lero sinayendepo ndi munthu."

"Sizingatheke. Chikwangwani chikuti palibe kudikira!"

"Sichikunama. Palibedi amene akudikira."

"Ine ndakhala ndikubwera kuno zaka makumi anayi, zimenezi sindinazimvepo!"

"Chifukwa simunabwerepo tsiku lopusa ngati lero, bambo. Ndipo ndikuuziretuni, mphepoyi akuti ikula masana. Ikangopyola pa mlingo nditseka, ndikamwe tiyi wanga kotentha."

Walira mvula walira matope. Sjef anangoti kakasi, nkhope itayera ngati pepala. Anayang'ana mipando yopanda anthu, anayang'ana mzere wopanda anthu umene anaulakalaka moyo wake wonse. Toos sanakalipe. Anangonena chapansipansi:

"Mawa ndikukagonekedwa, Sjef."

Sjef anamuyang'ana. Kenako analanda chikwama cha mabanzi a soseji paphewa pa mkazi wake, n'kutsika masitepe chothamanga, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu, kulowa m'mvula.

Wilma anatulutsira Toos mpando. Anamuyang'anitsitsa kwa nthawi, mutu utapendekeka.

"Pepani, mayi, koma inu si mayi aja mumatembenukira pa kachitseko? Mumabwera ndi zikwama zambiri aja?"

"Ndine ndemwe."

"Ambuye wanga! Ndinakupezani muli pamenepo pamene ndinkayamba ntchito. Tinkabetcherana ndi anzanga kuti kodi lero alowa. Ndiye mukutanthauza kuti simunakwerepo? Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi."

Wilma anagwira pakamwa. Toos anamufotokozera za chipatala, ndi mawu a dokotala, ndi mmene masabata anathera. Wilma anamvetsera, maso akupita pa ndodo ija, kenako pa chikwangwani cha machenjezo chimene chinali pakhoma.

"Ndiyenera kukufunsani za ndodoyo, mayi."

"Chikwangwani chanucho ndachiwerenga kuposa inu," anatero Toos. "Chikunena za mtima, za msana ndi za pakati. Mtima wanga ngwabwino, msana ngwabwino, ndipo zapakati ndinasiya kale."

Wilma anaseka mpaka tiyi kutayikira pa chijasi. Anatenga ndodoyo n'kukaiika kuseri kwa chitseko cha kanyumba kake.

Kuchokera pamene anakhala, Toos ankaona chigawo chachikulu cha paki, ndipo ankamuona Sjef akuthamangira uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira. Anamuona akuimitsa nkhalamba ziwiri zimene zinali pansi pa ambulera imodzi. Mphepo inabweretsa mawu ake, ndipo Toos sanakhulupirire makutu ake: chinali Chijeremani chothyokathyoka, Sjef atagwirizitsa manja ngati wopempha, kuchonderera Ajeremani kuti abwere pamzere. Anabwera nawo, bambo wamtali ndi mkazi wake wamanyazi, pamodzi ndi amayi awiri osesa amene anawapeza akubisala mvula, n'kutsikanso osapuma.

Ulendo wachiwiriwu anachedwa. Pamwamba pa denga kachipangizo koyezera mphepo kankazungulira ngati kapenga, ndipo Wilma ankangolowa n'kutuluka kukayang'ana manambala. Mayi wa ku Jeremani anayamba kunjenjemera n'kumakoka mwamuna wake jasi. Osesa aja anati akapitawo awo akawapeza pano ntchito yatha. Apa Toos anaimirira. Anatsegula fulasiki, anathira khofi m'chivundikiro n'kuyendetsa kwa aliyense, anafunsa mayi wa ku Jeremani za zidzukulu zake ndi manja ndi mawu atatu amene ankawadziwa, anauza osesawo nkhani ya mmene mzere uwu unkafikira ku dziwe la abakha kale, denga lisanamangidwe. Mumtima anali ndi mantha aakulu kuti mmodzi akangochoka onse abalalika, koma pankhope sizinkaoneka. Palibe amene anachoka.

Kenako kunamveka phokoso pa masitepe. Sjef anatulukira atanyowa ngati watuluka mumtsinje, pambuyo pake pali azibambo asanu ndi mmodzi ovala mataye, aliyense akutafuna banzi la soseji. Anali a kampani ina ya inshuwalansi amene anali ndi msonkhano mu holo ya pakiyo, ndipo Sjef anawapeza akusuta panja pa nthawi yopuma.

"Agogo awa atiuza kuti ndi nkhani ya moyo ndi imfa," anatero mmodzi, wadazi. "Akufa ndani?"

"Ufa ndiwe ukapanda kukhala pansi," anatero Sjef akupuma mwawefuwefu. "Mayi, werengani!"

Wilma anawerenga. Anakwana. Koma wamng'ono pa azibambo a matayewo anasuzumira kunja, anaona kutalika kwa njanjiyo, n'kubwerera chafutambuyo.

"Ine ayi. Ndili ndi ana ang'onoang'ono."

"Wadya banzi langa iwe!" anakuwa Sjef.

"Ndilipira, agogo."

"Sindikufuna ndalama zako, ndikufuna kulemera kwako!"

Anzake anamunyoza, anamutcha mayina, koma munthuyo anakakamira chitsulo ndi manja awiri. Toos anatsinzina. Ndiye Wilma, amene amayenera kukhala wosunga malamulo, anasuzumira pansi n'kukuwa ndi mawu onse: "Bertus! Tseka tchipisi chakocho ubwere kuno!" Bertus, wogulitsa tchipisi m'pakimo, anakwera masitepe akudandaula, epuloni ili m'chiuno, chimunthu choti mpando wa anthu awiri anaudzaza yekha.

"Uyu yekha ndi atatu," anatero wadazi uja.

"Iwe usamale, ndikukhalira," anayankha Bertus.

Toos anakhala kutsogolo, Sjef pambali pake. Chitsulo chotchingira chinatsika pamiyendo, ndipo Wilma anachigwedeza kawiri n'kumusisita paphewa. Sitima inagwedezeka, unyolo unagwira, n'kuyamba kukwera, gwedegwede, gwedegwede, mvula ikumenya kumaso. Nsonga za mitengo zinafika pa mapewa, kenako zinatsala pansi. Toos anaona malo oimika magalimoto, anaona nsanja ya tchalitchi cha m'mudzi mwathu chapatali m'nkhungu. Sjef ankalankhula, kumuuza kuti agwiritse apa, apume chonchi, akaopa atsinzine, koma iye sankamumva. Pamwamba penipeni sitima inakhala ngati yaima, kutsogolo kulibe njanji, kuli mlengalenga mokhamokha.

Kenako dziko linamulekerera.

Mimba inatsalira kumwamba. Mphepo inamulowa m'kamwa, m'maso, m'manja mwa jasi. Kumbuyo azibambo a mataye ankalira ngati ana, Bertus akuitana amayi ake amene anamwalira kalekale. Ndipo Toos anamva mfuu ukutuluka m'khosi mwake, mfuu umene unasanduka chikhakhali. Anasiya chitsulo n'kukweza manja onse awiri. Pa chitunda chachiwiri thupi lake linanyamuka pampando, lopepuka, lopanda chikwama, lopanda fupa lowawa. Pokhota anagwera pa Sjef, pokhota pena Sjef anagwera pa iye, ndipo ankakuwa kuti, "Thamanga! Thamanga!" ngati sitimayo ili ndi makutu. Sjef sankayang'ana njanji. Ankayang'ana mkazi wake, maso atatuluka, chifukwa kuseka kumeneko anali asanakumvepo m'nyumba mwake.

Mabuleki anagwira. Sitima inalowa pansi pa denga n'kuima pamene inayambira.

Zitsulo zitatseguka anthu anakhamukira kunja. Azibambo a mataye anayang'ana mawotchi n'kuthamangira ku msonkhano wawo, osesa anatola matsache, mayi wa ku Jeremani anatsika atatsamira mwamuna wake, nkhope itasintha mtundu. Toos yekha sanasunthe. Anakhala pomwepo, tsitsi litamatirira pachipumi, akuyang'ana kutsogolo.

"Toos?" anatero Sjef. "Wavulala? Ndi chiuno?"

"Ndiye kumakhala chonchi?"

"Eya... kumakhala choncho."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse."

Toos anatembenuka n'kumuyang'ana, ndipo misozi inali ikutsika. Sanali misozi ya mantha. Anali atasangalala kuposa mmene anasangalalirapo kuyambira utsikana wake, ndipo chisangalalo chomwecho chinamudzidzimutsa n'kumukwiyitsa, chifukwa tsopano anadziwa kukula kwa chimene anamanidwa.

"Iwe Sjef. Unkamva zimenezi iwe, n'kutsika, n'kundipeza nditaima ndi majasi ako, n'kungoti tiyeni ku mzere wina?"

Sjef anamugwira mkono kuti amuthandize kutsika.

"Ndikufuna kachiwiri," anatero Toos.

Sjef analumpha kutuluka m'ngolo ngati mnyamata. "Abale, musapite! Anthu inu, bwererani! Kamodzi kokha!" Mawu ake anatsika masitepe n'kumamveka akutalikira m'mvula, Chidatchi chathu, Chijeremani, zonse zitasakanikirana. Toos anatsala atagwira chitsulo cha patsogolo pake ndi manja awiri. M'kanyumba ka magalasi foni inalira. Wilma anayankha, anamvetsera, anayang'ana manambala a mphepo, n'kutuluka pang'onopang'ono.

"Pepani, mayi. Andiuza nditseke. Ndayesa kuwachonderera."

"Ndamva."

"Khalani pomwepo mpaka abambo abwere. Palibe akukuthamangitsani."

Sjef anabwerera ndi anthu awiri okha, Bertus ndi bambo wamtali wa ku Jeremani uja, n'kupeza Wilma akukoka unyolo pakhomo. Anakangana naye, anachonderera, analonjeza kuti abweretsa anthu makumi awiri akangomupatsa nthawi pang'ono. Wilma anangopukusa mutu n'kuloza kumwamba, kumene matabwa a njanji ankalira ndi mphepo. Sjef anabwera pa ngolo ya kutsogolo, madzi akudontha m'chipewa, akulankhula mofulumira.

"Usadandaule, Toos. Tidzabweranso. Mu Marichi, sabata yachiwiri, sukulu zisanatsekere, kumakhala kulibe anthu koma kumakhala kwayamba kufunda, ndidza..."

Anaima pakati pa mawu. Anakumbukira kuti fupa lachitsulo likangolowa, Toos sadzakweranso.

"Usandipezerenso tsiku, Sjef," anatero Toos. Sanakweze mawu. "Masiku abwino analipo. Onse odzaza aja anali abwino. Ndinali pompano."

Sjef anagwada m'madzi amene anali atadikha pansi, anagwira mwendo wodwala wa mkazi wake ndi manja onse awiri, n'kuyamba kuutulutsa m'ngolomo pang'onopang'ono.